Mbuzi ndi Kandolo za Kambani

Lolemba, 5 August

06:52 Ba Kasoma: A Mwewa eni plot akuti Kambani achoke pofika 30 September.
06:53 Ketty: ati bwanji?? galu wa mummy?
06:53 Ketty: chfkwa chani daddy
07:01 Ba Kasoma: Zilonda. Anthu a pa plot akuti ndi mphere, ana awo atengera.
07:02 Ketty: 🎤 1:48
07:20 Ba Kasoma: Yatalika. Lemba.
07:21 Ketty: nakamba ati munamusambika kale na dip katatu, vilonda sivinasile. si mphere iyo
07:22 Ketty: na kuno ku Ndola siningamutenge, pa flat sibalola olo pusi
07:30 Ba Kasoma: Sindinapemphe.
07:31 Ketty: niziba. simupempha imwe
07:33 Ketty waonjezera Cathrine
07:34 Ketty: daddy uyu ni Cathrine, tinali naye ku sukulu, uja munali kupitikisa mu mtengo wa mandimu. manje asebenza ku chipatala cha vinyama
07:40 Cathrine: mwauka bwanji ba Kasoma. mandimu aja sininabweze mpaka lelo 🙈 tumani chithunzi cha galu, pamimba, kumapazi na mmakutu
07:58 Ba Kasoma: 📷 chithunzi
07:59 Ketty: daddy ichi ni chala chanu
08:06 Ba Kasoma: 📷 chithunzi
08:09 Cathrine: iyee. mapazi afiira, amanyambita kwambiri. amadya chani
08:15 Ba Kasoma: Zimene ndadya ine.
08:15 Cathrine: ndiye chani
08:24 Ba Kasoma: Chaka chino funso limenelo ndi lovuta.
08:26 Ba Kasoma: Nsima. Soya. Mitu ya kapenta.
08:27 Cathrine: ok. nizabwela kwanu ku Matero pa Saturday nimuone na maso

Loweruka, 10 August

16:10 Cathrine: Ketty nabwelako. napala khungu nayangana pa microscope. mphere palibe, utitiri palibe
16:11 Cathrine: galu ni waulemu, sanauwe olo kamodzi. ba daddy nabo mau anayi chabe
16:12 Ketty: 😂 ndiye chfkwa mummy banamupasa dzina ija. bakaitana Kambani! Kambani! sibanali kuitana galu yekha
16:20 Ba Kasoma: Ndili m'gulu muno.
16:22 Cathrine: pepani 🙈 ba Kasoma mvelani. ine niganiza ni ziwengo za chakudya. agalu ena thupi limakana chinthu chimene akhala akudya nthawi yaitali, makamaka nkhuku, ng'ombe, mkaka, mazira kapena buledi. khungu limayabwa, azikanda mpaka zilonda
16:24 Cathrine: poyesa timachita so: masabata 8, nyama imodzi imene sanadyepo, na chokhutitsa chimodzi chimene sanadyepo. basi. kuphika m'madzi, opanda mchere, mafuta ophikila, anyezi kapena tomato
16:31 Ba Kasoma: Masabata 8 apitirira 30 September.
16:32 Cathrine: zikagwila, pofika sabata ya 4 kapena 5 kusintha kumaoneka. ba Mwewa bazaona okha
16:33 Cathrine: nyama iti sanadyepo? mbuzi?
16:41 Ba Kasoma: Mbuzi ine ndinaidya pa ukwati wa Ketty. 2019.
16:42 Cathrine: vamukati va mbuzi pa maketi viliko bwino mtengo. chifu, mtima, mapapo. chiwindi pang'ono chabe. nsima aisiye, mumupase kandolo, mbatata zija
16:43 Ketty: nizatumako kanthu monthend
16:50 Ba Kasoma: Usatume. Ndagulitsa TV.
16:50 Ketty: DADDY
16:57 Ba Kasoma: Malaiti amabwera maola atatu. Inali kundionera ine.
17:00 Cathrine: chinthu chachikulu: asalawe china chilichonse. olo kachidutswa. akalawa tayambilanso. madzulo alionse munilembele wadya chani, na kukanda kwake pakati pa 1 na 10
17:08 Ba Kasoma: Chabwino.

Lolemba, 12 August

18:02 Ba Kasoma: Tsiku 1. Mbuzi, kandolo. Kukanda 8.
18:03 Ketty: nanga imwe mwadya chani
18:11 Ba Kasoma: Tiyi. Ndi kandolo imene bwana asiya.
18:12 Ketty: 🎤 2:15
18:30 Ba Kasoma: Ok.
18:31 Ketty: simunamvele
18:36 Ba Kasoma: Ndamva kutalika kwake.

Lachitatu, 14 August

17:44 Ba Kasoma: Tsiku 3. Mbuzi, kandolo. Kukanda 7.
17:46 Ba Kasoma: Firiji sigwira, ndiye ndimapita pa maketi m'mawa uliwonse. Mayi wogulitsa zamkati wayamba kunditcha bwana. Sindinamuuze.
17:50 Cathrine: 😂 koma ba Kasoma naimwe muzidya. pa Saturday naona lamba yanu ili na maboo atsopano
17:52 Ketty: lelo ni Wednesday, badya bwino. ba Philomena ba ku section ya church bamabapelekela mbale pa Wednesday na pa Sunday, kuyambila maliro ya mummy chaka chatha. nkhuku ya nsinjiro. ndiye chamene chimanigoneka tulo kuno
17:53 Ketty: si so daddy? mbale yabwela?
18:05 Ba Kasoma: Yabwera.

Lachinayi, 15 August

18:00 Ba Kasoma: Tsiku 4. Mbuzi, kandolo. Kukanda 9.
18:04 Cathrine: hmm. kukadali kumayambiliro. pitilizani

Loweruka, 17 August

17:35 Ba Kasoma: Tsiku 6. Kukanda 6. Malasha atha pophikira iye. Ine ndasamba madzi ozizira. Iye wagona padzuwa.

Lolemba, 19 August

17:58 Ba Kasoma: Tsiku 8. Kukanda 9. Khutu latuluka magazi pang'ono.
18:01 Cathrine: pukutani na madzi owiritsa ozizira. sapita ku bin?
18:09 Ba Kasoma: Ndimamumanga. Ndimayenda naye pa chingwe ngati azungu a ku Kabulonga. Ana a pa plot amatiperekeza.
18:10 Ketty: ni bamake Bwembya, nibaziba ine. bamakazinga ma chicken pieces pa geti, bamamuponyela vikumba
18:11 Ketty: nipaseni number yao
18:19 Ba Kasoma: Osanamizira anthu.

Lachiwiri, 27 August

12:15 Ba Kasoma: A Mwewa adutsa. Ayang'ana galu. Ayang'ana ine. Anena kuti September ali ndi masiku 30.
12:16 Ketty: imwe mwati bwa
12:22 Ba Kasoma: Ndavomera. Ndi zoona.

Lachisanu, 30 August

13:05 Cathrine: ba Kasoma naika manambala onse pa pepa. onani: Tuesday na Saturday amatsika, 5 kapena 6. Thursday na Monday amakwela pa 8 kapena 9. masabata onse atatu chimodzimodzi
13:06 Cathrine: pali chinthu chimene amadya pa Wednesday na pa Sunday
13:07 Ketty: ni masiku ya mbale ya ba Philomena ayo
13:08 Cathrine: mwina amafukula mafupa. ba Kasoma mukadya nkhuku mafupa mumataya kuti? bin ili na chotsekela?
13:30 Ba Kasoma: Mafupa sapita ku bin.
13:31 Ketty: mumakwilila?
13:40 Ba Kasoma: Ayi.
13:41 Ketty: so mumatafuna?
13:41 Ketty: na mano yati daddy
13:42 Ketty: ya kumbuyo banachosa yonse mu 2021, nine ninakupelekani, munagwila dzanja ya mummy monga mwana wa grade 1
13:55 Ketty: daddy
14:20 Ketty: 📞 foni sinayankhidwe
15:02 Ketty: naona ma tick ya blue
17:48 Cathrine: ba Kasoma lipoti ya lelo?

Loweruka, 31 August

06:40 Ba Kasoma: Amadya Kambani.
06:41 Ketty: mafupa?
06:49 Ba Kasoma: Mbale yonse.
06:49 Ketty: kuyambila liti
06:58 Ba Kasoma: Anthu a maliro atabalalika.
06:59 Ketty: June CHAKA CHATHA??
07:03 Cathrine: zilonda munati zinayamba liti
07:10 Ba Kasoma: October.
07:11 Cathrine: eya. tamupeza. ni nkhuku. komanso mafupa ophika ni oopsa, amalasa matumbo, mwachita mwayi. koma ba Kasoma ninakamba ati olo kachidutswa
07:19 Ba Kasoma: Ndinamva za zimene ndimaphika ine. Iyi ndi mphatso. Mphatso sindinaiwerengere.
07:20 Ketty: galu ali na mimba ina ya ma gift??
07:21 Ketty: muntu agulisa vovala va salaula pa zuba tsiku lonse, unga wa nsima wakwela mutengo, bantu badya kamozi pa siku, eve azimana kachidutswa ka nkhuku ati ba Kasoma badyeko. imwe mupasa GALU
07:22 Ketty: elo mumabweza mbale yosuka bwino na mandimu yabili mukati. banikambila pa foni ati ba daddy bako sibasiya olo supu. ine nasekelela
07:23 Ketty: mwagulisa TV kugulila mbuzi galu wamene mudwalisa mweka
07:35 Ba Kasoma: Ukaziika motero zikuoneka zopusa.
07:36 Ketty: niziike bwanji
07:52 Ba Kasoma: Palibe. Ndayesa mbali zonse.
07:53 Ketty: chfkwa chani daddy. nifuna chabe kuziba
08:31 Ba Kasoma: Zaka 36 ndadya za dzanja limodzi.
08:33 Ba Kasoma: Kubweza mbale ya munthu ndi chipongwe. Kuidya sindinathe. Kambani anandithandiza.
08:50 Ketty: 🎤 0:12
08:56 Ba Kasoma: Iyi ndamvera. Usalire pa foni, bundle itha.
09:04 Cathrine: ba Kasoma kwatsala masiku 30. tikayambilanso mawa, khungu lingapole nthawi isanakwane. koma nkhuku ikalowanso kamodzi, ine nilibe chokamba kwa ba Mwewa
09:05 Ketty: pasani bana ba pa plot
09:12 Ba Kasoma: Plot ino ilibe chitseko. A Philomena amva dzuwa lisanalowe.
09:13 Ketty: ndiye ni vibili chabe. bauzeni baleke, olo mudye mweka
09:14 Ketty: mailo ni Sunday
09:30 Ba Kasoma: Ndikudziwa kalendala. A Mwewa anandiphunzitsa.

Lamulungu, 1 September

13:20 Ketty: mwabauza?
15:45 Ba Kasoma: Ndinavala jekete. Ndinapita mpaka pakhomo pawo.
15:46 Ketty: elo?
15:54 Ba Kasoma: Tinakamba za malaiti.
15:54 Ketty: daddy!!
16:01 Ba Kasoma: Anandipatsira mbale komweko. Anati ndawapeputsira ulendo.
16:02 Cathrine: ili kuti manje
16:09 Ba Kasoma: Pamwamba pa wadirobu. Kambani wakhala pansi pake, mutu m'mwamba, ngati ali pa Misa.
16:10 Cathrine: musagonje
16:18 Ba Kasoma: Amandiyang'ana ngati amayi ake a Ketty ndikabwera tsiku la malipiro wopanda shuga.

Lolemba, 2 September

07:15 Ba Kasoma: Yasasa. Ndataya m'chimbudzi anthu asanadzuke.
07:17 Ba Kasoma: Chaka cha njala. Nkhuku ya mkazi wamasiye. Loweruka pokalapa abambo mfumu amva nkhani yatsopano.
07:25 Ketty: so Wednesday muzataya futi? mpaka liti
07:26 Ketty: daddy mummy sibangakondwe na ivi
07:40 Ba Kasoma: Akanaseka. Kenako akanandimenya ndi mthiko.
18:03 Ba Kasoma: Tsiku 2 la kachiwiri. Mbuzi, kandolo. Kukanda 7.

Lachitatu, 4 September

11:50 Ketty: lelo bauzeni pls. lembani olo pa pepa mubapase
12:35 Ketty: babwela?
13:10 Ketty: daddy
13:45 Ketty: 📞 foni sinayankhidwe
14:30 Ketty: Cathrine nili mu class, bana balemba test, yesako iwe
14:38 Cathrine: ilila chabe
16:12 Ba Kasoma: Anabwera ndi mbale. Ndi mpando.
16:12 Ketty: mupando wa chani
16:20 Ba Kasoma: Wokhalira. Anakhala pakhomo. Anati sachoka mpaka aone pansi pa mbale.
16:21 Ba Kasoma: Unawauza ndiwe?
16:21 Ketty: sininakambe na muntu, nalumbila
16:22 Cathrine: naine ayi
16:30 Ba Kasoma: Wogulitsa zamkati ndi mlamu wawo. Za mbuzi anamva tsiku loyamba.
16:31 Ketty: nanga va mbale
16:39 Ba Kasoma: Akuti galu akawaona amavina kuyambira pa geti, mwini nyumba akuonda. Akuti iwo si mwana.
16:40 Ba Kasoma: Anasiya kuthira mpilipili mu January. Kuti galu asavutike.
16:41 Cathrine: 😭😂 ine nafa
16:41 Ketty: BANALI KUZIBA?? elo banapitiliza kubwelesa?
16:55 Ba Kasoma: Akuti amayi ako anawauza ku chipatala.
16:56 Ketty: ati chani
17:14 Ba Kasoma: Ameneyo sapempha. Muzingoika. Tsiku lina adzatopa ndi makani.
17:30 Ketty: daddy
17:31 Ketty: mwadya?
17:44 Ba Kasoma: Kambani ndinamutsekera kuchipinda. Analira. Tonse awiri tinavutika.
17:45 Ba Kasoma: 📷 chithunzi
17:46 Cathrine: mafupa ali mu mbale!! 👏🏾 musamupase
17:52 Ba Kasoma: Anawatenga okha. Akuti sandikhulupirira.
17:53 Ba Kasoma: Tsiku 4. Kukanda 6.

Lachisanu, 13 September

18:00 Ba Kasoma: Tsiku 13. Mbuzi, kandolo. Kukanda 4. Akawaona savinanso. Amatembenukira kukhoma.
18:02 Ketty: akwiya shame
18:09 Ba Kasoma: Ndamulanda ntchito.

Lolemba, 23 September

17:20 Ba Kasoma: 📷 chithunzi
17:24 Cathrine: onani pamimba! zilonda zauma, ubweya wayamba kumela. mmakutu mwayela. kukanda?
17:31 Ba Kasoma: 2. Kamodzi anali kuthamangitsa ntchentche.
17:33 Cathrine: nizakulembelani kalata ya ba Mwewa yakuti si mphere ndipo sizipatsilana. koma masabata 8 mumalize, mpaka kumapeto kwa October. mbuzi na kandolo si chakudya cha moyo wonse, pambuyo pake tizayamba kuonjezela chimodzichimodzi, nsima, kapenta, masamba, tione chimene thupi livomela. nkhuku yokha aiwale
17:40 Ba Kasoma: Mumuuze nokha. Ine sitikulankhulana.

Lolemba, 30 September

08:05 Ketty: lelo ndiye lelo. babwela ba Mwewa?
10:48 Ba Kasoma: Abwera. Awerenga kalata kawiri. Amutembenuza galu ngati akugula.
10:49 Ketty: elo??
10:57 Ba Kasoma: Afunsa mankhwala. Ndati mbuzi.
10:58 Ba Kasoma: Akuti nawonso msana umawayabwa.
10:58 Ketty: daddy KAMBANI ANKALA OLO AYENDA
11:06 Ba Kasoma: Akhala.
11:06 Ketty: 🎤 0:31
11:07 Cathrine: 🙌🏾🙌🏾 zikomo Ambuye. ba Kasoma mandimu aja takhululukilana
11:15 Ba Kasoma: Ayi.

Lachitatu, 2 October

16:40 Ketty: lelo Wednesday 👀 mbale?
16:52 Ba Kasoma: Yabwera.
16:52 Ketty: na mupando?
17:03 Ba Kasoma: Mpando unatsala kuno. Akuti ukulemera kunyamulanyamula.
17:03 Ketty: oho
17:04 Ketty: ohooo
17:04 Cathrine: ine sinili mu group ino 🙈
17:19 Ba Kasoma: Amathira mchere wambiri. Miyezi 14 galu sanandiuze.
17:20 Ketty: 😂😂 so bauzeni bachepeseko
18:02 Ba Kasoma: Ndizolowera.